Lole Imene Inanyamula Layitoni

Abale ndi alongo a m'chiyanjano chathu cha Amalawi kuno ku Nairobi, nkhani iyi sindinainenepo mumpingo uliwonse. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa. Abusa onse amene anandiweta kwathu ku Thyolo sanaimve. Ndakhala nayo zaka zoposa makumi atatu. Mundipirire ngati pena ndikhota. Sukulu ndinaiyamba nditakula, ndipo mpaka lero cholembera chimandilemera kuposa chiwongolero.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine bambo ake a Esinati, amene amagwira ntchito ku Gigiri. Mumandiona Lamulungu nditakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ena munamva kuti ndinamangidwa chifukwa choyendetsa galimoto nditaledzera. Palibe amene anandifunsa, ndipo ulemu umenewo ndikuuthokoza. Koma zimene munamvazo ndi zakumapeto chabe.

Ndinali dalaivala pa esiteti ina ya tiyi. Ndinkayendetsa lole yonyamula nkhuni za kufakitale. Ntchito ndinkaidziwa, ndipo ndinkanyada nayo. Anthu othyola tiyi ankandipatsa moni ali pansi, ine ndili pamwamba. Kachasu ndinkamwa tsiku lililonse. Wina akandidzudzula ndinkayankha kuti ine ndikamwa m'pamene msewu umaoneka bwino. Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Tsiku lina, nthawi ya dzinja, ndinatsitsa nkhuni kufakitale n'kupatukira kwa mai ena amene ankatcheza kachasu. Ndinanyamuka cha m'ma folo koloko mvula ikugwa. Pali malo ena pamene msewu umatsika n'kukhota pakati pa minda ya tiyi. Pamenepo ndinaona munthu pa njinga, atafunda thumba kumutu. Ndinamuona mochedwa. Ndinamva kugunda kumanzere kwa lole.

Ndinaima chapatsogolo. Ndinayang'ana pagalasi. Njinga inali chagada, gudumu likuzungulirabe. Munthuyo anali mungalande. Msewu wonse unali zii.

Sindinatsike.

Sindidziwa ngati ankapuma. Mwina ndikanamunyamula akanafika kuchipatala. Mwina anali atapita kale. Funso limeneli ndalifunsa kambirimbiri, ndipo palibe wondiyankha. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinaponda moto, n'kukaima pamtsinje pamene tinkatsukira magalimoto. Ndinatsuka lole yonse, mvula ikundinyowetsa.

M'mawa mwake tinamva kuti Layitoni, wothyola tiyi, wapezeka atafa mungalande. Anthu anati ndi magalimoto a anthu akunja odzagula nthochi, poti amathamanga. Apolisi anabwera, anafunsafunsa, n'kubwerera.

Inu amene munagwirapo ntchito pa esiteti mukudziwa mwambo wake. Wantchito akamwalira, kampani imapereka bokosi ndi galimoto yoperekeza maliro kumudzi. Masana a tsiku lomwelo akalaliki anandiitana. Anati lole yanga ndiyo inali ndi matayala abwino, ndiye ndikonzeke ulendo wa ku Phalombe, kwawo kwa malemuyo.

Ndikanakana bwanji? Ndikananena kuti chiyani?

Tinakweza bokosi m'lole yomweyo. Amayi anakhala molizungulira n'kuyamba nyimbo. Akazi awo a Layitoni, mai Enelesi, anawakweza kutsogolo monga namfedwa. Anakhala pambali panga ulendo wonse. Sanalire mokweza. Anangogwira chitenje pakamwa. Titadutsa pa Mulanje anandifunsa ngati ndinkawadziwa amuna awo. Ndinati ndinkangowaona. Iwo anati, "Ankakukambani. Ankati lole yanu imakhala yoyera nthawi zonse."

Msewu unali woipa. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, ndipo sindinamwe ngakhale dontho. Dzenje lililonse ndinkalilambalala ngati ndanyamula mazira.

Kumudzi anandiika pampando, pamene amuna ena onse anakhala pansi. Chakudya anayamba kupatsa ine. Nthawi ya zolankhula itakwana, amalume ake a malemuyo anaimirira. Anathokoza amfumu, anathokoza ampingo, anathokoza adzukulu okumba manda. Kenako analoza ine. Anati, "Adalaivala awa atiyendera naye bwino m'bale wathu. Sanamugwedeze. Anthu otere ndi osowa." Anthu anaomba m'manja chapansipansi monga timachitira pamaliro. Ine ndinawerama ngati ndikulandira ulemu.

Kuyambira pamenepo kamwedwe kanga kanasintha. Kale ndinkamwa kuti ndisangalale. Tsopano ndinkamwa kuti mawu a amalume aja atonthole. Sankatonthola.

Nditakwana zaka makumi anayi ndinalowa sukulu ya kwacha ya patchalitchi. Anthu ankati ndikufuna kukwezedwa pantchito. Sichinali chimenecho. Ndinkafuna kudziwerengera ndekha Mawu a Mulungu, ndione ngati muli malo onena za munthu ngati ine, popanda kufunsa wina. Ndinaphunzira kuwerenga. Ndinabatizidwa. Ndinkavala jekete Lamulungu, ndipo pamaliro a pampingo ndinkathandiza kwambiri. Koma botolo linali m'thumba la chimanga kuseri kwa chitseko. Mkazi wanga ankadziwa za botolo. Za ngalande sankadziwa.

Iye atamwalira, Esinati anati ndisakhale ndekha. Anandibweretsa ku Kitengela. Nyumba ndi yabwino, koma ili mumpanda. Iye amanyamuka kusanache bwino kuti athawe mzere wa magalimoto, ndipo amabwera dzuwa litalowa. Ndinkakhala tsiku lonse wopanda womufunsa kuti mwadzuka bwanji. Sabata ziwiri zisanathe ndinali nditapeza kabala kena pafupi ndi msika. Chiswahili choitanitsira mowa ndinachiphunzira msanga kuposa cha moni.

Esinati anali ndi kagalimoto kena kakale kamene kankangokhala. Ndinamupempha kuti ndizikayendetsa pafupipafupi kuti batire isafe. Anavomera. Anandikhulupirira, poti bambo ake ndi dalaivala wa zaka zambiri.

Loweruka lina masana ndinachoka kukabala kuja n'kulowa mumsewu wa ku Namanga. Pambali panali munthu wa njinga yamoto, awa a bodaboda, akudikira wokwera. Ndinamukhudza ndi mphuno ya galimoto. Anagwa. Ndinayang'ana pagalasi, ndipo zonse zinabwerera. Kenako munthuyo anadzuka, n'kubwera pawindo akunditukwana. Sindinamve mawu ake, koma anali okoma m'makutu mwanga. Ankapuma. Ankakalipa. Ndinayamba kulira, ndipo anthu amene anasonkhana ankaganiza kuti ndikuopa kumenyedwa.

Apolisi anandiuza kuti ndipumire m'kachipangizo kawo koyezera mowa. Ndinagona m'chitokosi mpaka Lolemba.

Kukhoti ndinavomera mlandu. Loya amene Esinati anapeza anapempha kuti poti ndine wokalamba, ndipo munthu uja sanavulale kwambiri, andipatse mwayi wa chithandizo. Woweruza anandiletsa kuyendetsa galimoto. Anati sanditumiza kundende, koma ndikalandire thandizo ndi maphunziro osiyitsa mowa, ndipo mkulu wina wa boma azindiyang'anira. Anati ndikadumpha maphunzirowo ndidzabwerera pamaso pake, ndipo sadzandimveranso chisoni. Esinati anali pabenchi yakumbuyo. Sanandiyang'ane.

Poyamba anandigoneka m'chipatala masiku angapo. Dokotala anati munthu amene wamwa zaka zambiri chonchi asasiye yekha mwadzidzidzi, thupi likhoza kumuukira. Anandipatsa mankhwala. Manja ankanjenjemera moti tiyi ankanditayikira. Thukuta linali ngati la malungo. Ndinkaona zinthu pakhoma. Sindinkadziwa ngati ndi chilango kapena ndi kuchira.

Nditatuluka ndinayamba kupita kugulu la anthu osiya mowa, katatu pa sabata, m'holo ya tchalitchi china ku Kangemi. Esinati anasankha kumeneko kuti azindisiya popita kuntchito. Ulendo ndi wautali, ndipo tinkayenda osalankhulana, wailesi yokha ikulankhula. Pakhomo pa holoyo aliyense ankayamba wapumira m'kachipangizo kaja. Potuluka ankatisainira khadi lokaonetsa kwa mkulu wa boma uja.

Tinalipo amuna khumi ndi awiri ndi mai mmodzi. Tonse tinatumizidwa ndi khoti pa mlandu wofanana. Wotitsogolera anali a Mutua, munthu wofatsa amene naye anasiya mowa kalekale. Ankalankhula Chiswahili, kenako n'kundibwerezera m'Chizungu pang'onopang'ono. Panalinso Kamau, dalaivala wa minibasi, zimene kuno amati matatu, munthu wosatha kutseka pakamwa. Ankanditchula Mzee, ndiko kuti mdala. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Mzee, kwanu ku Malawi mowa unatha, kuti mudzatimalizire wathu?" Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koyamba chichokere kukhoti.

A Mutua ankatiphunzitsa kuti uchidakwa ndi matenda. Ankajambula mutu wa munthu pabolodi, n'kutionetsa mmene mowa umasinthira bongo mpaka munthu kumaufuna ngati madzi. Ankatiphunzitsa kuzindikira nthawi, malo ndi anthu amene amatidzutsira ludzu. Ankati ludzu likabwera uliyembekezere, limakwera kenako limatsika. Zinandithandiza. Koma zinandisokonezanso. Kwathu abusa ankati kuledzera ndi tchimo. Kuno akuti ndi matenda. Ngati ndi matenda, ndani anasiya munthu mungalande, matendawo kapena ine? Ndani anatsuka lole? Ndinkafuna kufunsa, koma funsolo silikanatuluka lokha popanda nkhani yake.

Tsiku lina a Mutua anatigawira mapepala. Anati aliyense alembe maina a anthu amene mowa wake unawapweteka. Ndinalemba manambala m'mphepete. Pa nambala yachiwiri ndinalemba mkazi wanga. Pa yachitatu Esinati. Pa yachinayi munthu wa bodaboda uja, ngakhale dzina lake sindilidziwa. A Mutua anaima kumbuyo kwanga.

"Mzee, nanga woyamba ali kuti?"

Ndinati cholembera chinadumpha.

Kamau anati, "Cholembera cha Mzee nachonso chimamwa. Chipumire m'kachipangizo."

A Mutua sanaseke. Anangoti pepalalo ndilisunge.

Lamulo la gululo linali lakuti maphunziro asanathe, aliyense aimirire n'kufotokoza moyo wake wonse wa mowa, osabisa. Ukatero m'pamene a Mutua ankalemba kalata yopita kukhoti yoti wamaliza. Anzanga anafotokoza mmodzimmodzi. Mai uja anafotokoza. Kamau anafotokoza, ndipo tsiku limenelo sanachite nthabwala. Ine ndinazengereza mpaka ndinatsala ndekha.

Ndinkaopa zambiri. Ndikanena, sadzauza apolisi? Apolisi a kuno sadzauza a kwathu? Esinati adzayenda bwanji pakati pa anthu? Koma ndikanama, ndiye kuti miyezi yonseyi ndangosiya botolo, chondimwetsa ndachisunga.

Tsiku langa linafika. Ndinaimirira n'kuyamba m'Chizungu changa cha pa esiteti. Ndinanena za lole, za kachasu, za kunyada kwanga. Nditafika pa mvula ija, mawu anatha. Ndinangoima. A Mutua anati, "Mzee, ngati Chizungu chikukuvutani, nenani m'chinenero chanu. Ife tikhala nanu."

Abale, ndinene zoona. Chimene chinabwera mumtima mwanga nthawi imeneyo sichinali kulapa. Kunali kuchenjera. Ndinaona kuti ndikhoza kunena zonse, ndipo palibe adzamve.

Ndiye ndinanena zonse m'Chichewa. Njinga, ngalande, mtsinje, bokosi, mai Enelesi pambali panga, mpando, mawu a amalume. Ndinayamba mochenjera, koma pakati penipeni kuchenjera kunandithera. Ndinalira ngati mwana. Nditamaliza, Kamau anadzuka n'kundipatsa mpando wake. Anandipepesa m'Chiswahili, nati, "Pole, Mzee." Ena anaomba m'manja. A Mutua anandisainira khadi.

Kwa kanthawi ndinamva kupepuka. Kenako ndinasokonezeka kuposa kale. Kodi ndaulula kapena sindinaulule? Mulungu Chichewa amamva, zimenezo sindikayika. Koma Iye ankadziwa kale, analipo pakona paja. Anthu amene ndinawauza sanamve kanthu. Ndipo anandiombera m'manja, ngati kumaliro kuja.

Anthu atatuluka, a Mutua anandiitana pambali. Anati, "Mzee, mawu anu sindinawamve. Ndinangogwira dzina limodzi, poti munalibwereza kambiri. Layitoni ndani?"

Ndinati ndi munthu wakwathu.

Anati, "Kalata ya kukhoti ndilemba. Simunadumphe tsiku, ndipo simunamwe. Kumeneko mwamaliza. Koma ine ndaona anthu ambiri akumaliza n'kubwereranso. Alipo munthu amene ayenera kumva zimene mwanenazi, womva chinenero chanu?"

Ndinaika khadi m'thumba. Iwo sanandikakamize.

Ndinatuluka kukadikira Esinati, koma nthawi yake inali isanakwane. Ndinayenda m'mbali mwa msewu waukulu wa Waiyaki, dzuwa likuswa mtengo. Ludzu linandigwira loti sindinalimvepo chichokere m'chipatala. Panali bala lotsegula. Ndinaima pakhomo pake mpaka fungo linandifika. Khadi linali losainidwa kale. Kachipangizo kaja sindikanakapumiranso. Palibe akanadziwa.

Mawu akuti palibe akanadziwa ndi amene anandibweza. Ndinawazindikira. Ndakhala nawo moyo wanga wonse.

Ndinabwerera kutchalitchi kuja n'kulowa m'kati. Munalibe munthu, kupatula mai wina amene ankakolopa. Ndinagwada pakati pa mabenchi. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, mwamva kale. Ndatopa. Sindidziwa ngati ndine wodwala kapena wochimwa, mwina ndine zonse ziwiri. Ngati mumalandira anthu otere, ndilandireni.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Sindinaone kuwala. Ndinangokhala pamenepo mpaka ludzu linatsika monga a Mutua ankanenera. Litatsika ndinapeza kuti mantha aja nawonso achepa. Sanathe, anangochepa, moti ndinatha kuganiza. Ndipo ndinadziwa choti ndichite. Ine ndimati ameneyo anali Yesu. Wina anganene kuti ndi maphunziro aja. Ine sindithanso kuzisiyanitsa, ndipo ndasiya kuyesa.

Lero ndikulemba izi ndili ndi miyezi isanu ndi inayi osalawa mowa. Kugulu ndimapitabe kamodzi pa sabata, ngakhale khoti silindikakamizanso. Zinthu zambiri sindikuzimvetsa. Sindimvetsa chifukwa chimene Mulungu anasungira ine, n'kulola Layitoni apite. Sindidziwa chimene lamulo lakwathu lidzanene za ine. Sindidziwa ngati ena a inu mudzandipatsanso moni mukawerenga izi. Koma ndikuyamika Ambuye amene anandidikira zaka zonsezi, nanditumizira apolisi ndi woweruza pamene abusa ndinkawazemba. Dzina lake lilemekezeke.

Mbale wanga, ngati uli ndi botolo lobisa, kapena umati iwe ukamwa umayendetsa bwino, usadikire kuti ukaone munthu pagalasi. Thandizo lilipo mumzinda uno. Pita kwa dokotala, usasiye wekha. Lowa m'gulu la anzako. Sizochititsa manyazi, ndipo sizilimbana ndi pemphero. Ukafuna wokuperekeza, undipeze pafupi ndi chitseko. Ndikwera nawe matatu.

Nditsirize ndi zimene ndinachita m'mawa mwake, nditachoka m'tchalitchi muja.

Kunja kunali kutangoyamba kuyera. Esinati anali atavala kale, chikwama paphewa, makiyi m'manja, akumwa tiyi choimirira. Ndinamuuza kuti akhale pansi.

Anati, "Ababa, ndichedwa. Msewu wa pa Mlolongo udzaza magalimoto."

Ndinati, "Lero uchedwe."

Anandiyang'ana, koyamba kundiyang'ana bwinobwino chichokere kukhoti. Anakhala. Ndinamuuza zonse, m'chinenero chimene amayi ake anamulerera. Sanandidule mawu. Nditafika pa mpando wa kumaliro uja anaika dzanja pakamwa. Nditamaliza ndinati ndikufuna andithandize kufufuza ngati mai Enelesi ali moyo, kapena ana awo, kuti ndikawauze ndekha ndi pakamwa panga.

Anaika makiyi patebulo. Tiyi anazizira. Kenako anaimbira kuntchito kuti sabwera, n'kutenga pepala ndi cholembera.

Anati, "Mudziwo mukuukumbukira?"

Ndinati, "Ndikuukumbukira. Njira yonse ndinayendetsa ndine."